Mutu 5: Chihong cha Duwa Lofiira

1. Woyatsa moto

Kwathu, anthu akamuunjirira munthu mmodzi ndi phokoso, kumuseka, kumukuwiza ndi kumuombera m'manja kuti achite chinthu chimene akuchita nacho manyazi, timati akuchita chihong. M'mabuku amalemba kuti qihong, koma pakamwa mawuwa amatuluka choncho. Mbali yoyamba imatanthauza kudzutsa, yachiwiri ndi phokoso la gulu. Si mawu olemba m'kalata yopita kuboma ayi. Ndi a pamsewu, a paukwati ndiponso a m'kalasi aphunzitsi akangotembenuka.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo munthu mmodzi sangachite chihong. Ukakuwa wekha, anthu amangoti zakusokonekera. Komabe pamafunika wina woyatsa motowo. M'kalasi mwathu, chaka choyamba cha sekondale, woyatsa moto anali msuweni wanga, Dou Suyun.

Ine ndine Geng Pingping. Bambo anga ndi amayi a Suyun ndi a bere limodzi. Ine ndi Suyun tinkakhala desiki imodzi, ndipo ubwenzi wathu unali wa ponda apa nane m'pondepo. Iye akayatsa, wokupiza ndinali ine. Sindikudzitama, ndikungoulula.

Aphunzitsi a Mu, omwe ankatiphunzitsa masamu, akaitana mnyamata ndi mtsikana kuti apite limodzi kubolodi, Suyun ankayamba chapansipansi, "Woooo." Ine n'kupolokera. Posakhalitsa ana makumi asanu akumenya madesiki, awiri aja makutu ali psu.

"Musachite chihong!" ankakalipa aphunzitsi a Mu. "Dou Suyun, ndakumva!"

"Ine, aphunzitsi?" ankayankha Suyun, nkhope ili ngati ya mwana wakhanda. "Ine ndimangoyasamula."

Koma panali chinsinsi chimene ndinkachidziwa ndekha. Suyun anali asanaimepo yekha kutsogolo kwa anthu. Mawu ake anali abwino pokuwa basi. Akati aimbe, ankamveka ngati wilibala yosathira mafuta, ndipo mwini wake ankadziwa. Nkhani ya nyimbo ikangoyambika, iye ankathamangira ntchito yoomba m'manja.

2. Kuseri kwa mulu wa malasha

Tsiku lomaliza la Disembala kalasi iliyonse imachita phwando lake. Timakankhira madesiki kukhoma kuti pakati pakhale bwalo, timamata mapepala ofiira m'mawindo, kenaka timakhala pansi kuswa njere za mpendadzuwa ndi kusenda manachesi. Koma chimene aliyense amadikira ndi masewera a duwa. Woimba ng'oma amafulatira anthu, duwa lofiira lansalu n'kumayenda dzanja ndi dzanja. Ng'oma ikangoleka, amene duwa lamuthera m'manja amalowa m'bwalo kukaimba nyimbo.

Chaka chimenecho tinali ndi mlendo. Nie Shun anabwera mu Novembala kuchokera kumapiri. Anali wamtali, wotiposa ndi chaka chimodzi, ndipo anali wachibwibwi. Tsiku loyamba aphunzitsi anamufunsa dzina, iye n'kukakamira pa chilembo choyamba mpaka thukuta kamukamu. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa. Poitana mayina m'mawa ankangokweza dzanja, ndipo aphunzitsi a Mu ankamulola.

Kutatsala masiku awiri kuti phwando lichitike, tinakumana kuseri kwa mulu wa malasha nthawi yopuma. Tinali atatu: ine, Suyun ndi Pang Hu, mnyamata wonenepa amene ankaseka nthabwala zake asanazimalize.

"Mwezi ndi theka sitinamvepo mawu ake," anatero Pang Hu. "Mwina lilime analisiya kumapiri, mbuzi zinadya."

"Lilipo," anatero Suyun. "Likungofuna kukokedwa."

"Ndiye tilikoka bwanji, bwana wamkulu?"

"Ng'oma ndiimba ine. Duwa likangofika kwa Shun, Pingping atsokomole kawiri, ine n'kuima. Zotsalazo kalasi imaliza yokha."

Pang Hu anaseka mpaka kukhala pamalasha. Nanenso ndinaseka, ndipo ndinayeserera chifuwa changa pomwepo. Chinali chifuwa chabwino, chosakayikitsa.

3. Mbatata yaulere

Tsiku lotsatira titaweruka, mphepo inali ikudula makutu. Pageti pa sukulu panali mayi wina wachilendo amene ankawotcha mbatata m'mgolo. Fungo lake linatikoka ngati chingwe.

"Muli kalasi iti, ana anga?" anafunsa mayiwo akutembenuza mbatata ndi chitsulo.

"Ya aphunzitsi a Mu," ndinayankha.

Nkhope yawo inawala. "Ee! Ndiye ndinu anzake a Shun wanga! Bwezani ndalamazo m'thumba, musandichititse manyazi." Anasankha mbatata yaikulu kuposa zonse, n'kuibenthula pakati, n'kutipatsa.

Tinayamba kudya. Kunena zoona, inali yotsekemera ngati uchi.

"Mukundisamalira mwana wanga?" anapitiriza mayiwo. "Akuti kuno n'kwabwino, palibe amene amamuvutitsa. Kwathu kuja anzake ankamuyeserera kalankhulidwe kake tsiku ndi tsiku. Tsiku lina anamuimika pakati n'kumamukuwiza kuti awerenge. Anabwera kunyumba, n'kuponya chikwama pansi pa bedi. Chaka chathunthu anangokhalira kuweta mbuzi. Ndinalira, ndinamunyengerera, mpaka tinasamukira kuno. Iye anandiuza kuti, 'Amayi, ndiyesa kamodzi kokha. Akandisekanso, sukulu ndasiya.' Ndipo mwana amene uja akanena chinthu wanena. Anatengera bambo ake."

"Musadandaule, amayi," ndinatero ine, mbatata ili m'kamwa. Lilime langa silichedwa kupeza mawu okoma.

Suyun analeka kudya. Mbatata yake anaigwira m'manja mpaka inazizira.

"Iwe, zakukhudza?" ndinamufunsa panjira. "Amayi onse amalankhula choncho. Ndi nyimbo imodzi yokha. Sangafe nayo."

"Tiye tikabwereke ng'oma," anayankha mwachidule.

4. Chifuwa choimitsa ng'oma

Bambo anga amaimba lipenga m'maukwati ndi m'maliro, ndipo kunyumba kwathu kuli ng'oma yaing'ono yofiira. Anatibwereka osafunsa zambiri. Tinatuluka nayo pabwalo, ndipo ine ndinaumirira kuti tiyeserere. Suyun anafulatira n'kuyamba kuimba. Ndinatsokomola kawiri, iye n'kuima. Tinabwereza katatu.

Chitseko chinatseguka. Bambo anatuluka lipenga lili m'manja, akulipukuta ndi kansanza.

"Chifuwa chanji chimenechi, choimitsa ng'oma?" anafunsa. "Zaka zonsezi sindinakumanepo nacho."

"Ndi mphepoyi, ababa," ndinatero.

"Mphepo yanzeru, yodziwa kuwerenga mpaka kawiri. Duwa mukufuna ligwere yani?"

Ine ndinayang'ana kumwamba. Suyun ndi amene anaulula zonse, za Shun ndi chibwibwi chake, ngakhalenso za mbatata. Bambo sanakalipe. Anakhala pampando wansungwi n'kutiuza kuti tikhale pafupi.

"Ndaimba lipenga m'maukwati zaka makumi atatu," anayamba motero. "Chihong ndimachidziwa kuposa kalasi yanu yonse. Sindikuti n'choipa ayi. Ukwati wopanda chihong ndi maliro. Mwaonapo anyamata akumangirira apozi ku ulusi kuti mkwati ndi mkwatibwi alume limodzi. Akangoyandikira, wina n'kukoka ulusi, mphumi n'kugundana, bwalo lonse kufa nako kuseka. Chimenecho n'chabwino, chifukwa nayenso mkwatibwi akuseka, ngakhale akubisa nkhope. Chihong chotere chimamuuza munthu kuti ndiwe wathu.

"Koma woyatsa chihong ali ndi ntchito imodzi, ndiyo kuyang'ana nkhope ya amene ali pakatiyo. Akamaseka, sonkhezera moto. Akangoyang'ana nsapato zake, zima msanga. Ndipo wozima ndi iwe amene unayatsa, chifukwa enawo alibe maso. Amakuwa poti mnzawo wakuwa. N'chifukwa chake akuluakulu amachitcha chihong chakhungu. Gulu lilibe nkhope, ana inu. Mawa ukawafunsa mmodzimmodzi, aliyense adzati, 'Ine ndimangotsatira.' Koma amene munamuimika pakati uja adzakumbukira nkhope zanu zonse mpaka imvi."

"Ifetu timangofuna kuseka, ababa," ndinatero.

"Nanenso ndinkangofuna kuseka." Anatembenukira kwa Suyun. "Iwe, unawamvapo amayi ako akuimba?"

"Amangong'ung'udza akamachapa, amalume. Akaona munthu amaleka."

"Mlongo wanga ameneyo anali ndi mawu opambana m'midzi yonse ya kuno. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anamusankha kuti aimbe pansanja tsiku la msika waukulu. Anthu anadzaza mpaka m'mitengo. Anayamba bwino. Atafika pamene nyimbo imakwera, mawu anamuthawa, anangoti kwiii ngati mwanapiye. Panali zii. Akanapuma pang'ono n'kupitiriza, palibe akanakumbukira. Koma mnyamata wina wodziona wochenjera anakuwa monyoza kuti, 'Zokoma kwambiri! Bwerezanso!' Anzake anapolokera, msika wonse n'kutsatira. Mtsikana anayang'ana nsapato zake, anatsikira kuseri kwa nsanja, n'kuyenda mpaka kunyumba zovala zoimbira zili m'thupi. Kuyambira tsiku limenelo sanaimbenso pamaso pa munthu."

"Mnyamatayo anali ndani?" anafunsa Suyun, maso atafiira. "Akadali moyo?"

"Ali moyo. Wakubwereka ng'oma lero."

Ine ndinali ndisanamvepo nkhani imeneyi, ndipo ndinachita manyazi ngati wolakwa ndine.

"Sanandikalipirepo," anapitiriza bambo. "Akanandimenya ndi chipande, bwenzi zitatha kalekale. M'malo mwake amandiphikira, amandisokera malaya. Ine ndimaimba m'maukwati a anthu osawadziwa, koma mawu a mlongo wanga ndinawakwirira ndekha. Ng'omayo tengani. Ilibe mlandu. Mlandu uli ndi dzanja."

5. Manja m'mikono

M'mawa wa tsiku la phwando, Suyun ananyamula ng'oma kumsana. Tili panjira anati, "Pingping, usatsokomole."

"Aa, wagwa mphwayi? Pang Hu atiseka mpaka chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndi mawa. Aseke. Iweyo tsokomola mpaka mapapo atuluke, ine sindiima."

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Mawu a bambo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Titangofika, ndinathamangira kwa Pang Hu n'kumunong'oneza kuti Suyun wasintha maganizo.

"Zisiye kwa ine," anatero Pang Hu. Ananyamula mpando wake n'kukakhala moyandikana ndi Shun, mbali imene duwa limapita.

Phwando linayamba bwino. Mbaula ya malasha inali itafiira, makoko a mpendadzuwa ali mbwee pansi. Suyun anafulatira n'kuyamba ng'oma. Ulendo woyamba duwa linathera kwa mnyamata wina amene anaimba ngati tambala wachimfine, ndipo tinamuombera m'manja mpaka anabwereza. Ulendo wachiwiri linagwera aphunzitsi a Mu enieniwo. Kalasi inapenga. Tinayamba mfuu yathu ija, imene anaipeka ndi Suyun yemweyo:

"Duwa lili kwa yani? Kwa aphunzitsi!
Aimbe, asaimbe? Aimbe!
Akakana titani? Tidikira!"

"Ana opanda ulemu inu!" anatero aphunzitsi a Mu akupukuta magalasi, koma akuseka. "Lero lokha ndakulolani chihong. Chaka chatsopano mudzandiona." Anaimba ndime imodzi, ndipo tinawakweza ndi m'manja ngati apambana mpikisano.

Ulendo wachitatu, duwa linayenda mofulumira. Linadutsa ine, linadutsa ena asanu, n'kufika m'manja mwa Shun. Ndinatsokomola kawiri.

Ng'oma sinaime.

Shun anapereka duwa kwa Pang Hu. Koma Pang Hu anali atalowetsa dzanja lililonse m'mkono wa jekete wa dzanja linalo, ngati nkhalamba yowothera dzuwa, maso ali kudenga. Shun anamugunda nalo pachigongono. Pang Hu anayamba kuimba mluzu. Shun anatembenukira kwa mtsikana amene anamupatsa duwalo, koma nayenso anabisa manja kumbuyo akuseka.

Suyun sankaona zonsezi. Anandiuza pambuyo pake kuti atamva chifuwa changa anawerenga mpaka makumi atatu, kuti duwa lipite kutali ndi Shun. Kenaka anaima, n'kutembenuka akumwetulira.

Duwa linali likadali m'manja mwa Shun.

6. Pakati pa bwalo

Phokoso linaphulika lokha, osadikira woyatsa.

"Duwa lili kwa yani? Kwa Shun!
Aimbe, asaimbe? Aimbe!
Akakana titani? Tidikira!"

Madesiki ankalira, mapazi akugunda pansi, fumbi kobo. Shun anaimirira pang'onopang'ono. Anatsegula pakamwa.

"Ndi... ndi... ndi..."

"Ndi-ndi-ndi-ndi!" anayeserera wina kumbuyo, ndipo kuseka kunakwera mpaka kudenga. Aphunzitsi a Mu anaimirira akukuwa kuti tileke, koma mawu awo anamira. Paja anali atatilola okha.

Ndinamuona Shun akuweramitsa mutu. Anayang'ana nsapato zake zansalu, zosokedwa pamanja. Kenaka anaika duwa padesiki mwaulemu, anatenga chikwama chake, n'kuyamba kuyenda kulowera kuchitseko. Sanathamange. Pamenepo ndi pamene ndinakumbukira mbatata ija ndi mawu a amayi ake.

Du!

Suyun anamenya ng'oma kamodzi ndi mphamvu zake zonse. Aliyense anadzidzimuka. Ngakhale Shun anaima, dzanja lili pachitseko.

"Khalani chete nonse!" anakuwa Suyun, ndipo kukuwa ndiye anali katswiri. "Pachitika chinyengo. Duwali silinagwere Shun mwangozi. Tinapangana, ndipo woyambitsa ndine. Lamulo mukulidziwa. Wobera masewera amalowa yekha m'bwalo."

Anayenda kukatenga duwa lija, n'kulizika m'tsitsi lake pamwamba pa khutu. Kenaka anaima pakati, yekhayekha.

Woyamba kutsegula pakamwa anali Pang Hu, amene manja ake anali atapezeka mwadzidzidzi.

"Suyun aimba? Anzanga, tsekani mawindo, agalu a m'tauni muno angabwere kudzathandiza!"

Kalasi inagwa nako kuseka, ndipo mfuu inatembenuka. "Duwa lili kwa yani? Kwa Suyun!" Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma kwa msuweni wanga mawa linafika tsiku lomwelo. Ine ndinali pafupi. Maso ake anatsikira kunsapato. Ndinaganiza kuti athawa. Koma anadzutsa mutu, anaseka mano onse pamtunda, n'kunena kuti, "Mwaipempha nokha. Wofuna thonje la m'makutu akagule msanga."

Anaimba kanyimbo kakumudzi kamene amayi ake amang'ung'udza pochapa:

"Mapira apsa kuseri kwa phiri,
Bulu wanga wakana katundu..."

Abale, sindinamize. Inali wilibala yeniyeni. Ana anagwira m'mimba, ena kugwa m'mipando, aphunzitsi a Mu kubisa nkhope m'kaundula. Suyun nayenso ankaseka, misozi ili mbwembwembwe. Anabwereza mizere iwiri ija, kenaka anaima. Mawu anamuthera. Amayi ake ankalekera pomwepo nthawi zonse akaona munthu, ndiye kutsogolo kwake sankakudziwa.

"Bulu wanga wakana katundu," anayesanso, mawu akuchepa. "Bulu wanga..."

"Bulu wafa!" anakuwa Pang Hu.

Koma kuseka kusanayambe, kuchitseko kunamveka mawu ena, aakulu, osalala, osapunthwa ngakhale pamodzi:

"Ndamupatsa udzu, ndamupatsa madzi,
Akuti senza wekha, ine msana ukuwawa."

Tonse tinatembenuka. Anali Shun. Chikwama chili paphewa, maso ali pakhoma, ankaimba ngati ali yekha kuphiri ndi mbuzi zake. Ife sitinkadziwa kuti anthu ambiri achibwibwi akamaimba lilime limamasuka. Palibe amene anamukakamiza. Anangoona munthu akumira pakati pa bwalo, malo amene iye ankawadziwa bwino.

Suyun anatola timitengo toimbira tija n'kuyamba kumuimbira ng'oma chapansipansi. Shun anamaliza ndime zonse zinayi, mpaka pamene mwini bulu ananyamula mapira ndi bulu yemwe. Titamva mapeto amenewo tinaseka, koma tinkaseka bulu. Kenaka tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

Wina anayamba, "Bwerezanso! Bwere..." Suyun anayang'ana nkhope ya Shun, n'kukweza kamtengo m'mwamba. Phokoso linazima pomwepo.

Shun sanaseke. Anatsegula chitseko n'kutuluka ndi chikwama chake.

7. Kaundula

Tsiku la Chaka Chatsopano kunalibe sukulu. Suyun anabweza ng'oma kwa bambo. Ine sanandilankhule tsiku lonse. Madzulo ndinapita kukamupepesa, iye n'kunena kuti, "Woti umupepese si ine. Pemphera kuti mawa abwere."

M'mawa mwake tinalawirira. Pageti panalibe mgolo wa mbatata. Mtima wanga unagwa. M'kalasi mpando wa Shun unali wopanda munthu, ndipo aliyense wolowa ankauyang'ana kenaka n'kuyang'ana kumbali. Ngakhale Pang Hu analibe nthabwala.

Belu linalira. Aphunzitsi a Mu anatsegula kaundula. Atangoyamba mayina, chitseko chinatseguka, mphepo n'kulowa limodzi ndi Shun. Manja ake anali akuda ndi makala, chifukwa tayala la ngolo ya mbatata ya amayi ake linaphwa panjira ndipo anawathandiza kukankha. Anadutsa pa desiki yathu n'kusiya kapepala kopinda patsogolo pa Suyun. Munali ndime zonse zinayi za nyimbo ya bulu, zolembedwa bwinobwino. Suyun anakapinda kawiri n'kukaika m'thumba la pachifuwa.

"Ndikawapatse amayi," anandinong'oneza. "Mwina anaiwala."

Aphunzitsi anapitiriza mayina. "Nie Shun."

Tonse tinayembekezera dzanja. Silinakwere. Shun anaimirira, anagwira m'mphepete mwa desiki, n'kukoka mpweya.

"Ndi... ndi..."

Ana makumi asanu tinakhala chete. Mumangomveka malasha akuthetheka m'mbaula. Pang Hu anayang'ana Suyun, Suyun anayang'ana Pang Hu, ndipo Pang Hu anatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndi... ndi... ndilipo."

Palibe anaseka, palibenso anaomba m'manja. Aphunzitsi a Mu anachonga m'kaundula ngati chinthu cha masiku onse, n'kuitana dzina lotsatira. Chikhalire m'kalasi imeneyo, ndinali ndisanamvepo chete wokoma choncho.

Atamaliza, anatseka kaundula n'kuvula magalasi.

"Dou Suyun analipira mlandu wake pamaso pa tonse, ndiye nkhani yake yatha," anatero. "Koma tsiku lija ndinaona manja ena atasowa m'mikono, ndinamvanso chifuwa china chachilendo, chotsokomola kawiri ndendende. Pang Hu, Geng Pingping, mukatha phunziro lino munditsatire ku ofesi. Mankhwala a matenda onse awiriwo ndili nawo."

Kumbuyo wina anayamba chapansipansi, "Woooo." Ndinatembenuka kuti ndione wopanda chisoni ameneyo. Anali Shun, ndipo ankaseka.